Tizilombo ta m'botolo ndi chimbudzi chodzadza

Ku Ndirande kapena ku Mtandire si zachilendo kupeza mabanja asanu akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Mwini poloti anamanga nyumba za lendi mpaka m'malire, ndipo kanjira kamene kanatsala n'kongodutsa munthu mmodzi atasenza ndowa. Dzenje likadzadza, pokumba lina palibe. Galimoto yopopa zimbudzi singalowe, pamene anyamata okhuthula pamanja amafuna ndalama zawo zonse tsiku lomwelo. Alendi amadandaula fungo, ana amaopa kulowamo, ndipo usiku ena amadzithandiza m'majumbo n'kukataya m'ngalande.

Apa m'pamene wogulitsa mankhwala amapezera msika. Amabwera ndi paketi ya ufa kapena botolo la madzi ofiirira, n'kunena kuti muli tizilombo tabwino, tofanana ndi ta mu yogati, timene tidye zonyansa zonse m'dzenjemo. Malonjezo ake sasintha: fungo litha, ntchentche zichoka, ndipo chimbudzi chitsika moti sipadzafunikanso kupopa. Ena amawatcha ma probiotic, ena ma enzyme, ena EM. Amagulitsidwa kwa mabanja, m'masukulu ndi m'misika, ndipo nthawi zina amalowa mu bajeti ya mabungwe oyendetsa ntchito zaukhondo m'madera.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri. Kafukufuku wa mu 2013 anawerengera kuti anthu pafupifupi 1.77 biliyoni padziko lonse amadalira chimbudzi chokumba, ndipo ku Malawi ndicho chimbudzi cha nyumba zambiri, kumudzi ndi m'tauni momwe. Mankhwalawa atakhala kuti amachitadi zomwe amalonjeza, bwenzi ali chithandizo chachikulu kwa anthu osauka. Ngati sachita, ndiye kuti akudya ndalama zomwe zikanagula simenti, paipi ndi sopo.

Kuchokera m'mimba kupita m'dzenje

Ganizo loti pali tizilombo tothandiza munthu linatchuka ndi Élie Metchnikoff, katswiri wa ku Russia amene ankagwira ntchito ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris. M'buku lake la mu 1907 iye analemba kuti alimi a ku Bulgaria ankakhala moyo wautali chifukwa chomwa mkaka wowawasa. Mu 1930 dokotala wa ku Japan, Minoru Shirota, anakwanitsa kuweta mtundu wina wa mabakiteriya a mkaka wotha kupirira asidi wa m'mimba, ndipo mu 1935 chakumwa cha Yakult chinayamba kugulitsidwa. Pofika 2001 akatswiri a FAO ndi WHO anagwirizana kuti probiotic ndi tizilombo tamoyo timene tikalowa m'thupi pa mlingo wokwanira timapindulitsa thanzi la amene watidya.

Mabakiteriya amenewa si achilendo kuno. Ndi omwe amasandutsa mkaka kukhala chambiko, ndipo ndi omwe amawawasitsa thobwa ndi mahewu. Ntchito yawo ndi imodzi: amadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amalepheretsa tizilombo tina kuswana.

Amene anawatulutsa m'khitchini kupita nawo panja ndi Teruo Higa, mphunzitsi wa zaulimi pa University of the Ryukyus pachilumba cha Okinawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 iye anasakaniza mabakiteriya a mkaka, yisiti ndi mabakiteriya ena ogwiritsa ntchito kuwala, n'kutcha msakanizowo EM. Poyamba unali wa m'munda. Kenako unalowa m'makola a nkhumba ndi nkhuku pofuna kuchepetsa fungo, ndipo kuchoka m'khola sunachedwe kufika kuchimbudzi. Makampani ena anatenga njira ina: amaumitsa mabakiteriya a mtundu wa Bacillus, amene amatha kugona nthawi yaitali osafa, n'kuwasakaniza ndi ma enzyme ophwanya mafuta, mapuloteni ndi mapepala.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaiwalika pa ulendo wonsewu. Mabakiteriya a mkaka ndi osunga chakudya, si owoletsa. Chambiko chimakhalitsa kuposa mkaka wamba chifukwa asidi waimitsa kuwola, ndipo alimi a ng'ombe za mkaka amasunga msipu wauwisi miyezi yambiri pogwiritsa ntchito njira yomweyi. Chimene mwini chimbudzi chodzadza akufuna ndi chosiyana: akufuna kuti zinthu ziwole msanga, zichepe.

Zomwe zimachitika pansi pa silabu

Dzenje la chimbudzi si nkhokwe yongosunga zomwe zagweramo. Kafukufuku wa mu 2015, amene anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko ambiri, anapeza kuti munthu amatulutsa ndowe zolemera pafupifupi magalamu 128 ndi mkodzo wokwana malita 1.4 pa tsiku. Pa chaka zimenezi ndi makilogalamu 47 a ndowe ndi malita opitirira 500 a mkodzo. Komabe akatswiri omanga zimbudzi amawerengera kuti dzenje limakwera ndi malita pafupifupi 40 okha pa munthu pa chaka. Zina zonsezo zimapita kuti? Mkodzo ndi madzi zimalowa m'dothi, popeza magawo atatu mwa anayi a ndowe ndi madzi. Gawo lalikulu la zotsala limadyedwa ndi tizilombo n'kusanduka mpweya.

Tizilomboto sitichita kugulidwa. Galamu imodzi ya ndowe za munthu imakhala ndi mabakiteriya pafupifupi 100 biliyoni, ena amoyo, ena akufa kale. Tiyerekeze kuti paketi ya mankhwala ndi ya magalamu 100, ndipo galamu iliyonse muli mabakiteriya 1 biliyoni. Paketi yonseyo ingafanane ndi galamu imodzi yokha ya zomwe zili kale m'dzenje, chonsecho munthu mmodzi amawonjezeramo magalamu oposa 100 m'mawa uliwonse. Kuthira paketi yotere m'dzenje kuli ngati kukhuthula kapu ya madzi m'nyanja ya Malawi n'kumadikira kuti gombe lisunthe.

Akatswiri a ku Durban amagawa za m'dzenje m'magawo anayi. Pamwamba penipeni pali zongogwera kumene. Pansi pake pang'ono pali gawo lopyapyala limene mpweya wabwino umafikako, ndipo apa m'pamene kuwola kumathamanga kwambiri. Likakwiririka ndi zatsopano, limalowa m'gawo lachitatu lopanda mpweya, momwe mabakiteriya a mtundu wina amagwira ntchito pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, akutulutsa mpweya wa methane. Pansi penipeni pali zakuda zokhala ngati dothi. Izi zinawola kale mpaka pomaliza, ndipo palibe kachilombo, ka m'botolo kapena ka m'chilengedwe, kamene kangazichepetsenso kwenikweni.

Kuwonjezera apo pali zomwe siziwola n'komwe: matewera a ana otayidwa, majumbo, mabotolo, nsanza, magalasi osweka, mchenga wokokoloka m'mbali mwa dzenje. M'madera amene khonsolo sitenga zinyalala, chimbudzi chimasanduka dzala, ndipo akatswiri amakweza chiwerengero chija kufika malita 60 pa munthu pa chaka kapena kuposerapo.

Masamu ake ndi osavuta. Dzenje la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, lokhala ndi malo ogwiritsa ntchito akuya mamita 2.5, limatenga malita 2,500. Banja la anthu 6 losatayamo zinyalala limathiramo malita 240 pa chaka, choncho dzenjelo lingathe zaka 10. Poloti ya alendi 20 otayamo chilichonse imathiramo malita 1,200 pa chaka, ndipo m'zaka ziwiri lidzadza.

Mayeso a ku Durban

Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, boma la South Africa linamanga zimbudzi zokumba zambirimbiri m'madera amene anali osiyidwa. Patapita zaka zochepa zinayamba kudzadza, ndipo ogulitsa mankhwala anayamba kugogoda m'maofesi a makhonsolo. Asanawononge ndalama za boma, a Water Research Commission anapereka ntchito kwa gulu la Pollution Research Group la pa University of KwaZulu-Natal, lotsogozedwa ndi Chris Buckley, kuti liyese mankhwalawo. Lipoti lawo linatuluka mu 2008, ndipo Kitty Foxon ndi anzake anafalitsa zotsatira zake mu 2009.

Njira yawo inali yoti aliyense angaimvetse. Anatapa zonyansa za pamwamba pa maenje enieni, n'kuzigawa m'mabotolo ofanana. M'mabotolo ena anathira mankhwala potsatira malangizo a wopanga, m'ena anathira madzi okha, ndipo ena anawasiya osathiramo kanthu. Kenako ankawayeza pa sikelo kwa milungu ingapo kuti aone amene akupepuka msanga.

Mabotolo onse anapepuka, chifukwa kuwola kunkachitika monse. Koma amankhwala sanapose amadzi okha kapena osathiridwa kanthu. Kusiyana kwakukulu kunaoneka pa chinthu china: zonyansa zomwe zinkapeza mpweya zinkachepa msanga kwambiri kuposa zotsekeredwa, kaya muli mankhwala kaya mulibe. Babatunde Bakare ndi anzake anabwereza mayesowa m'labotale komanso m'zimbudzi za anthu, ndipo zomwe anafalitsa mu 2015 zinali zomwezo. Mu 2018 akatswiri a ku Wageningen ku Netherlands, atayesa mitundu yambiri ya mankhwala, anapezanso kuti sachepetsa kudzadza kwa dzenje. Iwo anaonanso kuti pamwamba pa ndowe pamauma n'kupanga chikhungwa m'maola atatu okha, ndipo chikhungwacho chimatchinga mankhwala kuti asafike mkati.

Nanga bwanji anthu ena amalumbira kuti anaona ndi maso awo chimbudzi chikutsika? Sanama. Zonyansa zikamagwa pa bowo limodzi zimaunjikana ngati chulu, nsonga yake ili pansi pa bowo penipeni. Malangizo a mankhwala ambiri amati asungunulidwe m'ndowa imodzi kapena ziwiri za madzi. Madziwo akakhuthulidwa amagumula nsonga ija n'kuimwaza m'mbali, ndipo woyang'ana ndi tochi amaona kuti mulu watsika. Zonyansa sizinachepe, zangosalazidwa. N'chifukwa chake kafukufuku wa ku Zimbabwe wa mu 1998, amene anapopera mabakiteriya m'maenje pogwiritsa ntchito paipi yamphamvu n'kuona milu ikutsika, sanakhutiritse akatswiri amene anamuwerenga pambuyo pake: kutsikako kukanatha kubwera chifukwa cha madzi ndi mphamvu ya kupoperako.

Fungo ndi ntchentche

Pa nkhani ya fungo, umboni ndi wosakanikirana. Ogwiritsa ntchito ambiri amanena kuti fungo limachepa kwa masiku angapo, ndipo pali chifukwa chomveka. Fungo lolasa m'mphuno la mkodzo wokhalitsa ndi mpweya wa ammonia, umene umatuluka kwambiri malo akakhala opanda asidi. Mankhwala amadzi owawasa akathiridwa pamwamba amaugwira kwa kanthawi. Koma fungo la chimbudzi silichokera ku chinthu chimodzi. Mu 2013 akatswiri a kampani yopanga zonunkhiritsa ya Firmenich anafufuza zimbudzi ku Durban, Nairobi, Kampala ndi Pune, n'kupeza zinthu zambiri zonunkha, zina za sulufule, zina monga indole ndi butyric acid. Zonsezi zimabwera mwatsopano ndi munthu aliyense wolowa. Palinso china: tsiku lothira mankhwala ndi tsikunso limene chimbudzi chimasesedwa ndi kukolopedwa, ndipo gawo lina la fungo limachokera pa silabu yonyowa ndi mkodzo, osati m'dzenje.

Njira imene umboni wake ndi wosakayikitsa inapezeka ku Harare zaka zoposa 50 zapitazo. Mu 1973 Peter Morgan wa ku Blair Research Laboratory anaika paipi yoimirira kuchokera m'dzenje kudutsa denga, n'kuphimba kukamwa kwake ndi sefa. Mphepo ikamawomba pamwamba pa paipi imakoka mpweya wa m'dzenje, ndipo mpweya watsopano umalowera pa bowo. Fungo limatulukira kumwamba m'malo mobwerera kwa wokhala pa bowo. Ntchentche zoswedwa m'dzenje zimatsata kuwala, ndipo popeza m'kachipindamo muli mdima, zimakwera paipi n'kukakodwa pa sefa mpaka kufa.

Mu 1975 ofufuza a ku Blair anawerenga ntchentche zotuluka m'zimbudzi ziwiri zofanana kwa masiku 78. M'chopanda paipi munatuluka 13,953, m'chapaipi 146 zokha. Chimbudzichi chimadziwika kuti Blair ku Zimbabwe ndi VIP kwina konse, ndipo Morgan analandira mphotho ya Stockholm Water Prize mu 2013. Paipi imagulidwa kamodzi. Chofunika n'kuti itulukire pamwamba pa denga ndi theka la mita, sefa isabooke, ndipo bowo lisatsekedwe kotheratu. Kwa amene alibe paipi, chivindikiro chothina bwino pa bowo ndi phulusa lowazidwa tsiku ndi tsiku zimagwira ntchito yaikulu.

Madiramu a ku Blantyre

Izi sizikutanthauza kuti mabakiteriya a mkaka alibe ntchito pa zaukhondo. Ntchito ali nayo, koma ndi ina, ndipo umboni wake wina unachokera ku Malawi konkuno.

Akatswiri a ku UNESCO-IHE, TU Delft ndi bungwe la WASTE la ku Netherlands ankafuna njira yophera majeremusi m'zonyansa zopopedwa pa nthawi ya ngozi, monga kusefukira kwa madzi, pamene anthu ambiri aunjikana pamsasa ndipo malo othirako mankhwala palibe. Anayesa njira zitatu pa zonyansa za m'zimbudzi za mu Blantyre, n'kufalitsa zotsatira mu 2015. Chizindikiro chimene ankatsata chinali E. coli, bakiteriya wa m'matumbo amene amasonyeza ngati majeremusi ofanana naye akadalipo.

Njira yoyamba inali laimu, amene anapha E. coli mpaka osaonekanso pasanathe ola limodzi. Yachiwiri inali feteleza wa urea, amene anatenga masiku pafupifupi anayi. Yachitatu inali ya probiotic yeniyeni: anatenga kachakumwa kokhala ndi Lactobacillus casei Shirota, mbewu ija ya mu 1930, n'kukaswanitsa mu mkaka. Mkakawo anausakaniza ndi zonyansa pamodzi ndi manyuchi a nzimbe, n'kutseka m'madiramu. Mabakiteriya anadya shuga, asidi anachuluka, ndipo patatha pafupifupi sabata imodzi E. coli anali atatha.

Chinsinsi chili pa milingo. Pa makilogalamu 100 alionse a zonyansa panafunika makilogalamu 10 a manyuchi ndi makilogalamu 10 a mkaka wa mabakiteriya. Ndowe za munthu zilibe shuga wokwanira, popeza thupi linayamwa kale, choncho mabakiteriyawo anayenera kupatsidwa chakudya chawochawo, chambiri, ndi kusakanizidwa bwinobwino m'chotengera chotseka. Kwa dzenje la malita 2,500, zimenezi zikanafuna makilogalamu pafupifupi 250 a manyuchi ndi enanso 250 a mkaka. M'madiramu aja zonyansa sizinachepe, zinawonjezekera. Pa mitengo ya ku Malawi ya nthawi imeneyo, kukonza malita 1,000 kunkadya mayuro 32 pa njira ya mkaka, 20 pa urea ndi 12 pa laimu.

Kutha kwa E. coli sikutanthauzanso kuti zonse zafa. Mazira a njoka za m'mimba za mtundu wa Ascaris ali ndi chikopa cholimba, ndipo amatha kukhala amoyo m'dothi kwa zaka. Aliyense wogwira zonyansa za m'dzenje, zothiridwa mankhwala kapena ayi, amafunikabe magolovesi, majombo ndi sopo.

Zotsatira za ku Blantyre zikuwunikiranso cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri. Mabakiteriya a mkaka amafuna asidi, pamene phulusa ndi laimu zimapha asidi. Kuthira zonse m'dzenje limodzi n'kutaya ndalama. Chimodzimodzi klorini, palafini ndi oyilo wakutha wa galimoto, zimene ena amathira pothamangitsa mphutsi: zimasokoneza tizilombo towoletsa ta pamwamba, ndipo oyilo amatha kulowerera mpaka m'madzi a pansi panthaka. Malo a klorini ndi pa silabu, pa chitseko ndi m'madzi akumwa.

Kumene zamoyo zimagwiradi ntchito

Zimbudzi zimene zimapindula ndi zamoyo ndi zomwe zinamangidwa poganizira zamoyozo. Peter Morgan yemweyo anakonza mitundu iwiri imene inafika ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kudzera mwa WaterAid ku Salima ndi Sinodi ya Livingstonia ya CCAP ku Embangweni. Arborloo ndi dzenje losaya, pafupifupi mita imodzi. Likatsala pang'ono kudzadza amalikwirira ndi dothi, kubzalapo mtengo monga papaya kapena nthochi, n'kusunthira silabu ndi kachisakasa pa dzenje latsopano. Fossa Alterna ndi maenje awiri akuya mamita 1.5 ogwiritsidwa ntchito mosinthana. Lina likamagwira ntchito kwa chaka, linzake limapuma, ndipo pakutha pa chakacho mumatuluka manyowa ofumbutuka okathira m'munda.

Pa mitundu iwiriyi, aliyense akatha kudzithandiza amawazamo dothi losakaniza ndi phulusa, ndipo nthawi zina masamba ouma. Dothi la pamwamba limabweretsa nkhungu, mabakiteriya ndi tizirombo tina tosapezeka m'matumbo a munthu, masamba amasiya mipata yolowera mpweya, phulusa limaumitsa ndi kuchepetsa fungo. Dzenje lotere limadzadza msanga kuposa dzenje wamba, koma limadzadza ndi zinthu zofukulika ndi fosholo.

Ku India, Myanmar ndi mayiko ena kuli zimbudzi zoweteramo nyongolotsi za mtundu wa Eisenia fetida, zimene zimadya ndowe n'kusiya manyowa ochepa. Nazonso zili ndi zofuna zake: pogona pa makungwa kapena zinthu zina zofewa, madzi pang'ono otsukira, ndi miyala pansi kuti madzi asadikhe. Zitaponyedwa m'dzenje lakuya lodzadza mkodzo, zingafe msanga.

Ndalama za komiti zipite kuti

Kuyambira 2008 Malawi yakhala ikugwiritsa ntchito njira ya CLTS, imene Kamal Kar anayambitsa ku Bangladesh, yodzutsa mudzi wonse kuti uleke kuchita chimbudzi kutchire. Mafumu, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a m'midzi anagwira ntchito yaikulu, ndipo zimbudzi zinamangidwa zambiri. Vuto limene latsala ndi la kuzisamala. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa ndi kusefukiritsa zimbudzi zambiri m'chigawo cha kummwera. Chimbudzi chodzadza chimene mwini wake akudikira kuti mankhwala achitsitse ndicho chimasefukira m'njira ndi m'zitsime mvula ikagwa.

Mizinda imene yalimbana ndi vutoli inavomereza kuti dzenje lililonse lidzadzadza, n'kukonzekera tsikulo. Khonsolo ya eThekwini, imene imayang'anira Durban, inakhazikitsa ndondomeko yokhuthula zimbudzi za VIP kamodzi pa zaka zisanu zilizonse, banja osalipira. Ku Kanyama mu Lusaka, Kanyama Water Trust mothandizidwa ndi bungwe la WSUP inayamba mu 2013 ntchito yokhuthula maenje ndi antchito ophunzitsidwa, ovala zodzitetezera, okataya pamalo ovomerezeka. Ku Blantyre amalonda ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito Gulper, pampu ya pamanja imene Steve Sugden anaikonza ali ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Imanyamulidwa paphewa kudutsa m'tinjira topapatiza, ndipo zonyansa zimapita m'madiramu. Mdani wake wamkulu ndi zinyalala, zimene zimatseka pampu n'kuchititsa antchito kuyamba kuvuula nsanza ndi majumbo ndi ngowe asanapope.

Choncho komiti yokhala ndi ndalama zochepa ili ndi zinthu zodziwika zoyambira. Dzala lapadera kapena thumba la matewera ndi majumbo pafupi ndi chimbudzi limatalikitsa moyo wa dzenje. Silabu ya simenti yosalala imatsukika. Denga ndi kamtumbira kozungulira zimaletsa madzi amvula kulowa ndi kugumula dzenje. Mpondagiya ndi sopo pakhomo zimadula njira ya majeremusi kuchoka m'manja kupita m'kamwa. Pa poloti ya alendi, ndalama imene ikanagula paketi mwezi uliwonse ikhoza kusungidwa ku banki m'khonde: miyezi 24 ikakwana, yolipira opopa imakhala itayamba kale kuoneka.

Mankhwala atsopano apitiriza kubwera, ndipo n'kutheka kuti tsiku lina ena adzapambana mayeso. Komiti kapena sukulu siyenera kungokhulupirira, ndiponso siyenera kungokana. Ikhoza kuchita mayeso a ku Durban payokha. Isankhe zimbudzi zingapo zofanana kukula ndi chiwerengero cha ozigwiritsa ntchito, n'kuzigawa patatu mwa maere. Gulu loyamba lithiridwe mankhwala monga wanenera wogulitsa, lachiwiri lithiridwe madzi okha a mlingo womwewo pa masiku omwewo, lachitatu lisathiridwe kanthu, ndipo zonse zisesedwe mofanana. Mlangizi wa zaumoyo ayeze ndi chingwe chomangirira mwala kuchokera pa bowo kufika pa mulu, pakati ndi m'mbali momwe angafikire, kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Fungo aliweruze anthu osadziwa chimbudzi chomwe chathiridwa chiyani. Wogulitsa apemphedwe kupereka mankhwala a mayesowo mwaulere ndi kudzakhalapo tsiku limene manambala a m'kope adzawerengedwe pamsonkhano wa mudzi, komiti isanasainire kugula katoni ngakhale imodzi.